Za Mchere, Nsomba ya Shaki ndi Impso za Munthu

Achikulire ena mwa inu akumbukira kuti pa mwambo wakale wa ubatizo wansembe ankaika kamchere kodalitsidwa pa lilime la wobatizidwa. Makanda ena ankakwinya nkhope, ena ankanyambita milomo, ndipo amayi ankaseka chamumtima. Mwambo umenewo udasinthidwa, koma mchere sudatichoke. Uli m'ndiwo zathu, uli m'thukuta ndi m'misozi, uli m'magazi a munthu aliyense kuyambira tsiku lobadwa kufikira tsiku lotsikira kuli chete. Ukachepa m'thupi, munthu afooka nagwa pansi. Ukachuluka, miyendo itupa ndipo mtima ulema ndi ntchito. Nanga ndani asunga muyeso wake m'kati mwathumu, popeza ife eni ake sitiwerenga mchere umene tidya? Mwezi uno tifuna kukufotokozerani nkhani imeneyi, ndipo tiyambira kutali, kwa nsomba yolusa ya m'nyanja ya mchere imene aitcha shaki, pakuti nsomba imeneyi idathandiza anthu ophunzira kumvetsa ntchito ya impso zathu.

Tsoka la kukhala pakati pa mchere

Madzi a m'nyanja yathu, momwe mukhala chambo ndi usipa, alibe mchere woti munthu n'kuumva pakamwa. Koma nyanja zazikulu zozinga maiko, monga ija ya ku Beira ndi ku Quelimane, n'zina: lita imodzi ya madzi ake ili ndi mchere wokwana ngati magalamu 35, ndiwo masupuni aang'ono asanu ndi awiri. M'magazi a munthu muli ngati magalamu 9 okha pa lita. Tsono pali lamulo limene mayi aliyense alidziwa ngakhale sadapite ku sukulu: mukawaza mchere pa nyama yaiwisi kapena pa matimati odula, posachedwa madzi atuluka. Madzi alondola kumene kwachuluka zinthu zosungunuka. Ndiye chifukwa chake munthu amene chombo chamuswekera pa nyanja, akamwa madzi a mchere, ludzu lake lingokulirakulira.

Nsomba iliyonse ya m'nyanja zimenezo ili pa tsoka lomwelo, la kuuma ili m'madzi. Nsomba za minga zimwa madzi a mcherewo kosalekeza, ndi kumataya mchere wake kudzera m'ziwalo zopumira za m'mbali mwa mutu. Shaki idapatsidwa njira ina. Alimi nonse mudziwa feteleza wa yureya amene mubereketsera chimanga. Chinthu chomwecho chipangidwa m'chiwindi cha munthu kuchokera ku nyama, nyemba ndi zakudya zina zomanga thupi, ndipo ife tichitaya mu mkodzo ngati zinyalala. Shaki sitaya yureya wake wonse; imsunga wambiri m'magazi, kotero kuti zosungunuka za m'magazi ake ziposa pang'ono za m'nyanja, ndipo madzi alowa okha m'thupi mwake pang'onopang'ono. Amene adalongosola bwino zimenezi ndi Homer Smith wa ku America, m'zaka za m'ma 1930.

Koma padatsala mfundo yosamasuka. Mchere weniweni wa m'magazi a shaki ungofika ngati theka la mchere wa m'nyanja. Chifukwa chake mchere ulowa usana ndi usiku kudzera m'ziwalo zopumira, ulowanso ndi chakudya chilichonse chimene shaki imeza. Ndipo impso za shaki sizitha kupanga mkodzo wa mchere woposa wa m'magazi. Nanga mchere wonsewo utulukira pati?

Kachiwalo konga chala

Pa chilumba cha Mount Desert, m'boma la Maine ku America, pali nyumba ya maphunziro a zamoyo kumene madotolo ndi aphunzitsi ankasonkhana m'miyezi yotentha kuti afufuze za nsomba. Kumeneko asodzi ankawabweretsera shaki yaing'ono imene anthu ophunzira aitcha Squalus acanthias. M'mimba mwa shaki, kufupi ndi mathero a matumbo, muli kachiwalo konga chala chaching'ono cha munthu. Anthu adaakaona kalekale, koma ntchito yake sadaidziwe. M'chaka cha 1960 J. Wendell Burger ndi Walter Hess adalowetsa kapaipi kakang'ono m'kamwa mwa kachiwaloko, shaki ili yamoyo, nasonkhanitsa madzi amene ankadontha. Atawayesa adapeza kuti ndi madzi a mchere okhaokha, ndipo mchere wake udali ngati kawiri kuposa wa m'magazi. Akaonjezera mchere m'magazi a nsombayo, madonthowo ankachuluka. Kuona maso a nkhono n'kudekha: khomo limene mchere utulukira lidapezeka.

Kachiwalo kameneka kadasanduka chuma cha anthu ofufuza pa chifukwa ichi. Impso ya munthu ili ndi timachubu ta mitundumitundu topiringizana, tina tichita ichi, tina icho, mwakuti n'kovuta kudziwa ntchito ya kalikonse pakokha. Kachiwalo ka shaki kali ndi mtsempha umodzi wolowetsa magazi, umodzi wotulutsa, ndi njira imodzi yotayira madzi a mchere, ndipo ntchito yake ndi imodzi yokha. Munthu atha kukachotsa m'nsomba, nakaika pa tebulo, nakadutsitsa madzi okonzedwa ngati magazi, ndipo iko kapitiriza kugwira ntchito kwa maola angapo.

Pampu, ngalawa ndi chitseko

Tamverani tsono mmene mchere uolokera. Thupi lonse lidamangidwa ndi tizipinda tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, totchedwa maselo. Mchere ukasungunuka m'madzi ugawika pawiri, kukhala sodiyamu ndi kloraidi. Palinso mbale wawo wachitatu, potaziyamu, amene achuluka m'nthochi, m'nyemba ndi m'masamba. Atatuwa sangaboole khoma la selo. Ayenera kupita pa makomo okonzedweratu. Maselo a m'kachiwalo ka shaki adandandalikidwa ngati nyumba zogundizana, khomo lakumbuyo loyang'ana ku magazi, lakumaso loyang'ana ku kangalande kotayira.

Kumbuyo kuli pampu imene itulutsa masodiyamu atatu m'selo ndi kulowetsa mapotaziyamu awiri, mobwerezabwereza, ndipo idya mphamvu yochokera ku chakudya. Adaitulukira ndi Jens Christian Skou wa ku Denmark m'chaka cha 1957, pofufuza minyewa ya nkhanu, ndipo adalandira nayo mphotho ya Nobel mu 1997. Pampuyi ili m'maselo athu pafupifupi onse, koma m'kachiwalo ka shaki idachuluka kwambiri, mwakuti Lowell Hokin ndi anzake adatha kuipatula ili yokhayokha kuchokera m'menemo mu 1973.

Popeza pampu ichotsa sodiyamu kosalekeza, m'selo mukhala njala ya sodiyamu, ndipo wa m'magazi afunitsitsa kulowa. Njira yake ndi ina, yokhalanso kumbuyo, imene tingaifanizire ndi ngalawa ya pa dooko imene sinyamuka mpaka okwera anayi atakwana: sodiyamu mmodzi, potaziyamu mmodzi ndi makloraidi awiri. Motero changu cha sodiyamu chiolotsa anzake atatu. Akafika m'kati, sodiyamu abwezedwa ndi pampu, potaziyamu abwerera pa kakhomo kake, koma kloraidi aunjikana. Kumaso kwa selo kuli chitseko cha kloraidi yekha, chimene madotolo achitcha CFTR. Chikatseguka, kloraidi athamangira m'kangalande, sodiyamu amlondola podutsa m'mipata ya pakati pa maselo, ndipo madzi alondola onse awiri. Dongosolo limeneli adalilongosola ndi Patricio Silva, Franklin Epstein ndi anzawo mu 1977, ku nyumba yomwe ija ya ku Maine.

Amithenga a m'magazi

Koma taonani, kachiwaloko kakadagwira ntchito osapuma, shaki ikadataya mchere ndi madzi oposa muyeso nifa. Nthawi zambiri kangokhala duu, chitseko chili chotseka, kudikira lamulo. Lamulolo libwera ndi amithenga. M'thupi la nyama iliyonse muli timadzi tina timene chiwalo chimodzi chithira m'magazi kuti tikauze chiwalo china chochita. Ernest Starling wa ku London adatitcha dzina lakuti mahomoni m'chaka cha 1905, kuchokera ku liwu la Chigriki lonena za kudzutsa. Ife tiwatcha amithenga, pakuti ntchito yawo ndi yomwe ija ya mthenga wa mfumu.

Mthenga woyamba kudziwika pa kachiwalo ka shaki ndi amene atchedwa VIP. Iye adapezeka poyamba m'matumbo a nkhumba mu 1970, ndi Sami Said ndi Viktor Mutt, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 Jeffrey Stoff ndi anzake adaona kuti kadontho kake kadzutsa kachiwalo ka shaki nthawi yomweyo. Mthengayu salowa m'nyumba. Agogoda pa khoma la selo, ndipo m'kati mudzuka kamnyamata ka pakhomo, kotchedwa cAMP, kamene kathamanga kukatsegula chitseko cha kloraidi ndi kufulumiza ngalawa.

Nanga ndani adziwa kuti nthawi yotaya mchere yakwana? Apa mpodabwitsa: ndi mtima. Mchere ukachuluka m'thupi ukoka madzi, magazi achuluka, ndipo mtima utamuka kuposa masiku onse. Ukamva kutamukako uthira m'magazi mthenga wakewake, wotchedwa CNP, amene adapezeka mu mtima wa shaki mu 1991. Mthengayu akafika pa kachiwalo alankhula ndi maselo eni ake, nauzanso minyewa ya momwemo kuti imasule VIP. Mchere ndi madzi zituluka, magazi abwerera pa muyeso wake, mtima uleka kutuma. Alipo amithenga enanso oletsa. Wina ndi somatostatin. Wina ndi adenosine, amene maselo eni ake amtulutsa akagwira ntchito yambiri, kuti adziletse asadzitopetse kopitirira.

Umboni wina wa zimenezi uli pafupi ndi kwathu. Pali mtundu wa shaki umene utha kuchoka m'nyanja ya mchere ndi kukwera m'mitsinje. Wilhelm Peters wa ku Germany adaipeza mu mtsinje wa Zambezi, naitcha dzina la mtsinjewo mu 1852, ndipo mpaka lero ku South Africa aitcha shaki ya Zambezi. Mtundu womwewo ukhalanso m'nyanja ya Nicaragua, ya madzi opanda mchere, ndipo ofufuza adapeza kuti kumeneko kachiwalo kake n'kochepa poyerekeza ndi ka zinzake za m'nyanja ya mchere. Kumene mchere usowa, amithenga otaya akhala chete, ndipo kachiwalo kafota.

Impso za munthu

Tsono tibwere kwathu. Munthu ali ndi impso ziwiri kumsana, m'munsi mwa nthiti, iliyonse yaikulu ngati nkhonya yake. M'impso imodzi muli timasefa ngati miliyoni imodzi, kalikonse ndi kachubu kake. Pa tsiku limodzi impso za munthu wamkulu zisefa madzi a m'magazi okwana ngati malita 180, pafupifupi ndowa zisanu ndi zinayi za malita 20, ndipo m'madzi amenewo muli mchere wokwana ngati kilogalamu imodzi ndi theka. Komabe mkodzo wa tsiku lonse ungokwana lita imodzi ndi theka, ndi mchere wa masupuni owerengeka. Zotsala zonse, zoposa magawo 99 pa 100, timachubu tizibwezera m'magazi. Shaki ikhala pakati pa mchere, ndipo nkhawa yake ndi kutaya. Munthu akhala pa mtunda, ndipo nkhawa ya impso zake ndi kusunga.

Kachubu kalikonse kali ndi pokhota ponga ndowe ya mbedza, kutsika m'kati mwa impso ndi kukweranso. Adapaona ndi Jakob Henle mu 1862, ndipo patchedwa dzina lake. Pa mbali yokwerayo pabwezedwa ngati gawo limodzi mwa magawo anayi a mchere wonse wosefedwa. Ndipo ndani aubweza? Ndi pampu yomwe ija, ndi ngalawa ya okwera anayi yomwe ija. Kusiyana kwake n'kumodzi: m'shaki ngalawa ili ku mbali ya magazi, nitengera mchere kunja, m'impso ili ku mbali ya mkodzo, nitengera mchere kubwerera ku magazi. Chida chimodzi chidangotembenuzidwa, ndipo chigwira ntchito ziwiri zotsutsana.

Tidziwa bwanji kuti ndi chida chimodzi? Choyamba, pali mapiritsi okodzetsa otchedwa furosemide, amene ambiri awadziwa ndi dzina la Lasix, amene madotolo apatsa anthu otupa miyendo chifukwa cha kufooka kwa mtima. Mankhwalawa akhala pa mpando wina wa m'ngalawa ya m'impso, ngalawa ilephera kunyamuka, mchere utsala mu mkodzo, nukoka madzi, ndipo kutupa kuphwa. Mankhwala omwewo akathiridwa m'kachiwalo ka shaki, nako kaleka kutulutsa mchere. Chachiwiri, m'chaka cha 1994 Biff Forbush ndi anzake a ku Yale adawerenga malangizo a chibadwa amene thupi la shaki litsata popanga ngalawayi, ndipo m'chaka chomwecho iwo ndiponso gulu la Steven Hebert adawerenga malangizo a ngalawa ya m'impso. Zidapezeka kuti n'zapachibale. Patapita zaka ziwiri, mu 1996, kudadziwika kuti ana ena obadwa ndi nthenda yotchedwa Bartter, amene akodza kwambiri ndi kutaya mchere kuyambira ali makanda, ngalawa yawoyo idalakwika chibadwire.

Osunga ndi otaya

Impso nazonso zimvera amithenga, ndipo tikutchulirani atatu. Munthu akataya magazi, kapena akalima tsiku lonse pa dzuwa la mu Okutobala natuluka thukuta lambiri, magazi ofika ku impso achepa. Pamenepo impso ituma renin, amene adapezeka mu 1898 ndi Robert Tigerstedt ndi Per Bergman. Renin adzutsa mthenga wina, angiotensin, amene afinya mitsempha, autsa ludzu, nakagogoda pa tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso ngati tizipewa. Timeneti titulutsa aldosterone, amene Sylvia Simpson, James Tait ndi anzawo adampatula mu 1953. Aldosterone apita ku mathero a timachubu nalamula kuti makomo a sodiyamu achuluke, kuti mchere wotsiriza usatayike. Kufunika kwake kuoneka pa anthu amene tizipewato tidaonongeka, nthenda imene Thomas Addison adailongosola mu 1855, ndipo chifuwa chachikulu ndi chimodzi mwa zoiyambitsa. Anthu otere ataya mchere mu mkodzo, afooka, achita chizungulire akaimirira, ndipo alakalaka zamchere.

Wachiwiri ndi vasopressin, wochokera ku kachiwalo kokhala kunsi kwa ubongo. Madzi akachepa m'thupi, iye auza impso kuti zibweze madzi, ndipo mkodzo uchepa ndi kufiira. Auzanso ngalawa ya pokhota pa Henle kuti ifulumire, ndipo alankhula kudzera mwa kamnyamata komwe kaja, cAMP, kamene tidakumana nako m'shaki. Mowa ukhalitsa chete mthenga ameneyu. Ndicho chifukwa chake chidakwa chitaya madzi usiku wonse, nichidzuka m'mawa kukhosi kuli gwa, mutu ukuwawa.

Wachitatu ndi wotaya, ndipo achokera ku mtima, monga m'shaki. M'chaka cha 1981, ku Kingston m'dziko la Canada, Adolfo de Bold, mbadwa ya ku Argentina, adasinja zipinda zam'mwamba za mitima ya makoswe, nabaya madzi ake m'makoswe ena. Posachedwa makoswewo adakodza kwambiri, mkodzo wodzaza mchere. Motero kudadziwika kuti mtima suli wopopa magazi chabe. Ukatamuka ndi magazi ochuluka utuma mthenga, wotchedwa ANP, kukauza impso kuti zitaye mchere, ndi kuletsa renin ndi aldosterone. Mthengayu ndi mbale wa CNP uja wa mu mtima wa shaki. Kodi si chinthu choyenera kuchilingalira, kuti Mlengi adaika lamulo limodzi mu mtima wa chilombo cha m'nyanja ndi mu mtima wa munthu?

Pamene chitseko chikana kutseka

Mwina wina afunsa kuti, zimenezi zitithandiza chiyani ife a kumudzi? Tiyankha ndi matenda awiri. Oyamba ndi kolera, amene m'zaka za 2022 ndi 2023 adapha anthu oposa 1,700 m'Malawi. M'matumbo a munthu muli maselo okonzedwa monga a m'kachiwalo ka shaki, ngalawa kumbuyo, chitseko cha kloraidi kumaso, kuti azinyowetsa chakudya pa muyeso woyenera. Tizilombo ta kolera titulutsa ululu umene uchita ngati mthenga wonama. Ululuwo udzutsa cAMP ndi kumkaniza kupuma. Chitseko chikhala chotsegula, mchere ndi madzi zikhuthukira m'matumbo, ndipo wodwala kwambiri atha kutaya lita yathunthu pa ola limodzi. Maso alowa m'kati, khungu likwinyika, mkodzo uleka, pakuti amithenga osunga ayesetsa koma alibe choti asunge.

Mwa chifundo cha Mulungu, m'matumbo momwemo muli ngalawa ina imene ululu wa kolera suikhudza. Iyo inyamula sodiyamu pamodzi ndi shuga kulowa m'thupi, ndipo madzi awalondola. Adaifotokoza ndi Robert Crane mu 1960, chaka chomwe chija cha kachiwalo ka shaki. Pa nkhondo ya mu 1971, pamene anthu othawa kwawo ku Bangladesh ankafa ndi kolera m'misasa ya ku India, dotolo Dilip Mahalanabis, posowa madzi a m'mitsempha okwanira, adawamwetsa madzi a mchere ndi shuga, ndipo ochuluka adapulumuka. Awa ndi madzi a ORS amene mulandira ku chipatala m'timapaketi. Mwana akatsegula m'mimba, sungunulani paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa ndi kuziziritsa, mumwetseni pang'onopang'ono osaleka, mayi apitirize kuyamwitsa, ndipo muthamange naye ku chipatala. Paketi ikasowa, masupuni aang'ono asanu ndi limodzi a shuga osasefukira, ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere, mu lita imodzi ya madzi, zithandiza pa njira. Musaonjezere mchere poganiza kuti muchita bwino; muyeso ndiwo mankhwala.

Mchere wa mu mphika

Matenda achiwiri ndi kuthamanga kwa magazi. Makolo athu ankaupeza movutikira mchere; ena ankasefa dothi la m'madambo, ena phulusa la zomera, ena ankasinthanitsa ndi nkhuku kwa amalonda a kutali. Thupi la munthu lidakonzedwera moyo wotero, ndipo amithenga osunga mchere ndi amphamvu ndi achangu. Lero mchere uli pa msika uliwonse, wotsika mtengo, ndipo wabisalanso m'buledi, m'soseji, m'tchipisi ndi m'kanyenya, m'nsomba zouma zothira mchere, ndi m'tizidutswa tokometsera ndiwo. Munthu akadya wopitirira chaka ndi chaka, impso za anthu ambiri zitha kuutaya pokhapokha magazi akathamanga mwamphamvu kuposa kale. Mitsempha iuma, mtima ukula ndi kufooka, timasefa ta m'impso tiphwanyika kamodzikamodzi, ndipo tsiku lina bambo amene sankamva kupweteka kulikonse agwa m'munda, mbali imodzi itafa. Nthenda imeneyi iyenda mwakachetechete, ndipo mabanja ambiri a m'maparishi athu aidziwa ndi misozi.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la World Health Organization, lilangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere pa tsiku, kuwerengera ndi wobisala womwe. Imeneyo ndi supuni yaing'ono imodzi yosadzaza, ndipo ya ana ichepera pamenepo. Tsono amayi, ndiponso abambo amene mumaphika, yesani mchere ndi supuni, musathire ndi dzanja. Chotsani kambale ka mchere pa mphasa yodyera. Chepetsani pang'onopang'ono, pakuti lilime lizolowera pakapita masabata owerengeka, ndipo anyezi, matimati ndi nsinjiro zikometsa ndiwo popanda kulemetsa mtima. Nsomba zouma za mchere muzitsuke musanaphike. Masamba, nyemba ndi zipatso zikhale zosasowa, chifukwa potaziyamu wa m'menemo athandiza impso kutaya sodiyamu. Okhawo amene impso zawo zidadwala kale afunse dotolo poyamba. Mchere wochepa umene mugwiritsawo ukhale wa ayodini, woteteza ku chithokomiro.

Aliyense wamkulu apite kukayezetsa kuthamanga kwa magazi ngakhale akumva bwino. Amene adapatsidwa mapiritsi asawaleke pa yekha, pakuti ambiri mwa mapiritsiwo agwira ntchito pa njira zomwe tafotokozazi: ena atseka makomo a mchere m'timachubu, ena aletsa angiotensin, ena atsekereza aldosterone. Ndipo musagawireko mnzanu mapiritsi okodzetsa chifukwa mwamuona atatupa, pakuti ataya potaziyamu pamodzi ndi sodiyamu, ndipo potaziyamu akachepa mtima usokonezeka. Mayi woyembekezera amene watupa nkhope ndi manja, mutu ukumuwawa, asadikire tsiku la sikelo. Apite ku chipatala tsiku lomwelo.

Abale athu, pamene muwerenga mawu awa, impso zanu zikusefa ndi kubweza, mtima ukuyesa kuchuluka kwa magazi, ndipo amithenga akupita uku ndi uku osadikira kuti muwathokoze. Ntchito yonseyi tidaipatsidwa kwaulere. Chotsalira ife n'chaching'ono: kusawasenzetsa antchito okhulupirikawa katundu woposa mphamvu zawo, ndi kuwabwezera msanga mchere ndi madzi pamene matenda awalanda. Madzulo ano, mayi akamatenga supuni ya mchere, ana aimirire pafupi aone muyeso wake, ndipo banja lonse likakhala pansi kudalitsa chakudya, likumbukirenso odwala a m'mudzi mwanu amene mtima ndi impso zawavuta. Mulungu adalitse mabanja anu onse.